GALU WOSOKERA ALEREDWA PA DZALA

Mau okumbutsa makomiti a midzi ndi makomboni a m'boma la Lundazi

Mafumu, nduna, amai ndi abambo a m'makomiti:

Nkhani ya lero ndi ya agalu ndi zinyalala. Ambiri aziyesa nkhani ziwiri, koma ili imodzi. Galu amene mwini wace samupatsa cakudya apita kukafunafuna pa dzala, kuseri kwa msika, kapena kumene aphera mbuzi. Kumeneko akumana ndi agalu a midzi yina, nalimbirana mafupa, nalumana. Madzulo abwerera kwao nakagona pakhonde pamene ana asewera. Umu ndimo ciwewe cilowera m'mudzi.

Kacirombo ka ciwewe kali m'malobvu a nyama yodwala. Kalowa pa bala, ndipo kayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Ulendowu utenga miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina mlungu umodzi cabe, nthawi zina caka cathunthu. Apa ndi pamene makolo anyengeka: bala lapola, mwana ali kuthamanga ndi anzace, za galu uja zaiwalika. Koma tsiku limene mwanayo ayamba kuopa madzi ndi kubwebweta, palibe cipatala cimene cingamubweze, kaya ca Lundazi, kaya ca UTH ku Lusaka. Bungwe la za umoyo la WHO liwerenga kuti ciwewe cipha anthu pafupifupi 59,000 caka ndi caka pa dziko lonse, ndi kuti anai mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15.

Tsono munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo. Zitsamba ndi phulusa sizipha kacirombo. Kuyembekeza kuti aone ngati galuyo apenga ndi kutaya masiku amene katemera akadagwira nchito. Katemerayu alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anamugwiritsa nchito koyamba ku France.

Lamulo la dziko lochedwa Control of Dogs Act lifuna kuti galu alembedwe ndi kulandira katemera. Akatswiri a za ziweto apeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse akabaidwa, matendawa aleka kuyenda m'dera. Alipo alenje amene abisa agalu ao ponena kuti jekeseni ifooketsa galu pa uzimba. Limeneli ndi bodza, ndipo liri ndi mtengo waukuru, pakuti galu wosaka ndiye akumana ndi nkhandwe kuchire. Zikumbukikenso kuti Lundazi apakana ndi Mzimba ndi Kasungu a ku Malawi, ndi kuti ngakhale Chasefu ndi Lumezi anakhala maboma paokha mu 2018, galu sadziwa malire. Mudzi umodzi ukanyalanyaza, midzi yoyandikana nayo isauka.

Kunena za zinyalala, nyumba iriyonse ikhale ndi dzenje lace, lokumbidwa kutali ndi citsime ndi kumunsi kwace. Makombo, matumbo a nkhuku ndi mamba a nsomba akwiriridwe ndi dothi tsiku lomwelo, kuti galu, nkhumba ndi nchenche zisapeze phwando. Dziko linaona mu 2023 ndi 2024 cimene uve ucita: kolera inapha anthu oposa 700, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala.

Pali cinyalala cina cimene siciyenera kulowa m'dzenje la pakhomo. Lundazi ndi dziko la thonje, ndipo mabotolo a mankhwala opopera apezeka m'nyumba zambiri. Ncacisoni kuona botolo lotere lasanduka cotungira madzi, cosungira mcere kapena mafuta ophikira, cifukwa cakuti ndi lolimba ndipo liri ndi cotsekera cabwino. Poizoni satha ndi kutsuka kwa m'khichini. Botolo litsukidwe katatu kumunda, madzi ace athiridwe m'copopera, kenaka liboolwe kuti wina asaligwiritsenso nchito, lisungidwe kumene ana safika, ndipo mlangizi wa za ulimi afunsidwe za kokalitaya. Lisaocedwe, pakuti utsi wace ndi woipa.

Nchito yokumbutsa anthu siyacilendo m'midzi. Lamulo la 1971 la kulembetsa ndi kutukula midzi linakhazika makomiti a citukuko pansi pa mafumu, ndipo lero alipo makomiti a citukuko a m'mawadi ndi makomiti a za umoyo ozungulira zipatala zazing'ono. Makomitiwa ayende nyumba ndi nyumba, alembe agalu onse pamodzi ndi tiagalu tofika miyezi itatu, ndi kuonetsetsa maenje. Ayambe ndi makomo a mamembala a komiti eni ace. Kaundulayo aperekedwe kwa a za ziweto lisanafike tsiku la 28 September, limene dziko lonse likumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe, kuti adziwe kuculuka kwa katemera wofunika m'mudzi uliwonse.