Gumbwa ndi Madzi Ake

 Lero titsegule Yobu mutu 8, ndime 11 mpaka 13, pamene patchulidwa chomera chotchedwa gumbwa.

Ife a kuno kum'mawa tinazolowera mlulu ndi bango za m'madambo mwathu. Gumbwa ndi wamtundu umodzi ndi mlulu, koma ndi wamkulu. Phesi lake ndi lobiriwira, losalala, lopanda mfundo ndi masamba, ndipo mukaligwira mumamva kuti lili ndi ngodya zitatu. Limatha kutalika mamita 4 kapena 5, ndipo kunsonga kwake kumakhala timitsitsi tambirimbiri tomwazika ngati tsache. M'kati mwake ndi moyera ndi mofewa ngati m'kati mwa phesi la chimanga. Aigupto ankadula m'katimo timizere, n'kutisanja mopingasa, n'kutipsinja kuti tikhale pepala. Zolemba zakale kwambiri za Chipangano Chatsopano zimene zilipo lero zili pa mapepala otere. Ndiponso kabokosi kamene mayi anabisamo Mose m'mbali mwa Nailo kanali ka gumbwa.

Muno m'Zambia gumbwa amadzaza zithaphwi za Bangweulu ndi Lukanga. Mizu yake imalukana mpaka kupanga chiphasa choyandama pamadzi. Pamtunda simungamupeze, ngakhale nthaka ikhale yachonde chotani. Bilidadi, bwenzi la Yobu, anazidziwa izi. Anati chomerachi chikasowa madzi chimauma chikadali chachiwisi, wina asanachidule, msanga kuposa udzu wina, ndipo anachifanizira ndi munthu woiwala Mulungu. Apa sananame. Tikaleka kupemphera, maonekedwe amakhalapobe kanthawi: yunifomu ya chigwirizano ilipo, mawu oimbira alipo, koma pansi pauma kale.

Komabe tisathamange kumuombera m'manja Bilidadi. Fanizo lake linali loona, koma analiponyera munthu wolakwika. Anaona Yobu atataya ana, ziweto ndi thanzi, n'kuganiza kuti tsoka lotere silibwera popanda tchimo. Pa mutu 42 Mulungu akwiyira abwenzi atatuwo chifukwa sananene zoona za Iye.

Ifenso timachita zomwezo. Pa chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, chimanga chinapserera m'munda wa wopemphera ndi wa wosapemphera yemwe. Nanga n'chifukwa chiyani mnzathu akaferedwa kawiri chaka chimodzi, kapena mwana wake akadwala matenda osamva mankhwala, timayamba kunong'onezana pachitsime kuti pali chimene anachita? Mayi wamasiye amamva zonong'onazo. Amaleka kubwera kutchalitchi, osati chifukwa waiwala Mulungu, koma chifukwa cha maso athu. Tikatero ndife amene tapatutsa madzi pa mizu yake.

Amene amadula mlulu amadziwa kuti pamwamba pakauma kapena pakapsa ndi moto wa mu Okutobala, sikuti chitsinde chafa. Ngati pansi pali chinyezi, mphukira zimatulukanso. Woyenda pamsewu sangadziwe zimenezi; amadziwa ndi amene watsikira m'dambomo n'kuponda matope.

Madzulo ano, musanagone, werengani Yobu 42, ndime 7 mpaka 10. Mudzapeza kuti amene anapempherera Bilidadi kuti akhululukidwe anali Yobu yemweyo.