Za Cimanga Cogula Kunja kwa Dziko

Dziko la Zambia liri ndi nthaka yokwanira ndi mitsinje yambiri, koma cakudya ca anthu ace cidalira mbeu imodzi, ndiyo cimanga, ndipo mbeuyo idalira mvula ya dzinja limodzi. Kale sizinali cotero. Makolo analikulima mapira ndi mawere, ndipo a ku Luapula akali kudya cinangwa kufikira lero. Cimanga cinakula mphamvu pamene migodi ya ku Copperbelt inafuna ufa wambiri wodyetsa anchito. Pambuyo pa 1964 boma linacepetsa mtengo wa fetereza ndi wa ufa, kotero kuti anthu a m'tauni anazolowera nsima yosakwera mtengo. Ndipo pamene mtengowo unakwera mu 1986 ndi mu 1990, munabuka cipolowe m'mizinda, anthu nafa.

Tsono mvula ikakana, dziko ligula kunja. Akulu akumbukira cimanga cacikasu ca mu 1992, cimene cinacokera kutsidya la nyanja. Mu 2024 cilala cinabweranso: pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka, ndipo zokolola za cimanga, zimene zinapitirira matani 3 miliyoni mu 2023, zinatsika kufika ngati matani 1.5 miliyoni. Boma linapangana ndi la Tanzania kugulako matani 650,000.

Kugula kunja kuli ndi mabvuto ace. Zambia alibe doko. Cimanga ca kutsidya ciyamba catsika pa Dar es Salaam, pa Beira kapena pa Durban, ndipo njanji ya TAZARA yokha, kucokera ku Dar es Salaam kufika pa Kapiri Mposhi, ndi makilomita 1,860. Mtengo wa ulendo wonsewo ugwera munthu wogula ufa. Ogulitsa afuna madola, ndipo madola ambiri a dziko lino acokera ku mkuwa. Cotero ndalama yogulira mankhwala ndi mabuku ithera m'mimba. Coipa koposa ndi ici, kuti cilala sicidziwa malire: caka comweco ca 2024 Malawi ndi Zimbabwe analinso pa njala, onse nathamangira msika umodzi.

Zimene zicitikira dziko zicitikanso pakhomo. M'mwezi wa May kapena June ogula afika pamudzi ndi sikelo, ndipo mlimi, pofuna yunifomu ya mwana ndi kubweza ngongole, agulitsa pa mtengo wotsika. Pofika January nkhokwe iri gwa, ndipo munthu yemweyo agula cimanga modula, kapena apita kukagwira ganyu m'munda wa mwini nasiya wace uli ndi udzu. Mphunzitsi ndiye ayamba kuona zimenezi, pakuti rejisitala ya February idzala ndi maina a ana osabwera.

Pa cifukwa cimeneci munda wa sukulu usakhale malo olangirako ana ocedwa. Mukhale mizere ya mapira, ya khobwe, ya mbatata ndi ya cinangwa pambali pa cimanga, kuti ana aone okha mbeu imene ipirira dzuwa. Aphunzirenso kuteteza nkhokwe kwa anankafumbwe. Ngakhale pa phunziro la masamu nkhaniyi ilowa bwino: ana a Grade 7 awerenge matumba a makilogramu 50 amene ali m'matani 650,000, napeze 13 miliyoni, kenaka awerenge malole a matani 30 ofunika kunyamula katunduyo, amene apitirira 21,000.