Mau a Komiti ya Zachifundo pa Nkhani ya Inshuwalansi

 Ife a komiti ya zachifundo tapatsidwa mphindi zoŵerengeka, ndipo tasankha nkhani imene ambirife timaiyesa ya eni magalimoto okha, ndiyo ya inshuwalansi.

Ntchito zathu mukuzidziŵa. Timaphikira phala ana a kumkombaphala, timatungira madzi nkhalamba ndi kuzichapira, timazonda odwala, timafolera nyumba za amasiye. Sindife anamwino, ndipo sitibaya jekeseni. Tsono wina angafunse kuti, ngozi ingachokere kuti pa ntchito yotere? Tiyerekeze kuti mphika wa phala uli pa mafuwa, wophika wapita kukatenga nkhuni, ndipo mwana wa zaka zitatu waugwera. Makolo ake akapita ku bwalo la milandu, woŵeruza sadzafunsa ngati tinali ndi mtima wabwino ai. Adzafunsa kuti woyang'anira mwanayo anali yani, ndipo akapeza kuti tidalekerera, chipukuta misozi chidzatuluka m'thumba la bungwe, lomwe lija timasonkha movutikira. Inshuwalansi yotchedwa public liability ndiyo imalipira mlandu wotere pamodzi ndi ndalama za loya.

Koma apa timvetsetse. Kampani imateteza ntchito zokhazo zimene tidalemba pa fomu. Ngati tidalemba kuti timasamba ndi kudyetsa okalamba, kenaka mmodzi wa ife, chifukwa cha chisoni, nkuŵapatsa agogo mankhwala otsala kunyumba kwake, iwo nkudwalika, kampani idzakana, pakuti imeneyo ndi ntchito ya achipatala imene sinali m'pangano. Chimodzimodzi ngati tidalemba ana 40 pamene tikusunga 90. Fomu ija tiyankhe zoona zokhazokha, ngakhale mtengo ukwere.

Nanga ovulala akakhala ife eni? Mlonda ndi mlezi amene timaŵalipira pa mwezi ndi antchito athu, ndipo lamulo la Workers' Compensation la 2000 likuti wantchito akavulala pa ntchito, womlemba ndiye ali ndi udindo wa chipukuta misozi. Womlembayo ndife, amai, ngakhale malipiro ake akhale ochepa chotani. Koma mai wongodzipereka, amene wathyoka mwendo akutsika pa denga la wamasiye, si wantchito wolembedwa. Iyeyu imamteteza ndi inshuwalansi ya ngozi ya gulu, imene imalipira popanda kufunsa kuti wolakwa ndani. Maina a onse odzipereka amafunika kulembedwa bwino, ndipo apa alembi athu mutithandize, chifukwa kaundula wa nthambi zina akadali ndi maina a amai amene adasamuka kalekale.

Za lole sitichulutsa mau, pakuti tonse takwerapo popita ku maliro ndi ku misonkhano, titadzazana ngati matumba. Lamulo la pamsewu likakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party, koma lole yolembedwa kuti njonyamula katundu mwina pepala lake silinena za anthu okwera pamwamba. Tisanalipire dalaivala, tipemphe kuona pepalalo, ndipo tisachite manyazi.

Pa nyumba zathu pali misampha iŵiri. Inshuwalansi ya moto payokha siilipira madzi osefukira kapena mphepo yosasula denga, pokhapokha titaonjezetsa zimenezi m'pangano. Amene adaona zimene namondwe Freddy adachita ku Chilobwe ndi m'maboma a kummwera m'mwezi wa March 2023 sangaiyese nkhani yaing'ono. Msampha wina ndi mtengo wakale. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, ndipo malata ndi simenti zidakwera. Ngati holo yofuna K20 miliyoni kuti imangidwenso tidailembetsa pa K10 miliyoni, ndipo moto waononga za K6 miliyoni, kampani idzatipatsa K3 miliyoni yokha, chifukwa tidateteza theka. Msungichuma aziuonanso mtengowu chaka ndi chaka.

Tikudziŵa kuti ndalama nzosoŵa, ndipo ena mumtima mukuti bwanji osangogula ufa wa phala. Funsoli nafenso tidakangana nalo mpaka dzuŵa kupendeka. Maganizo athu ndi akuti nthambi imene ikusunga ana iyambe ndi public liability, zina zibwere pambuyo, ndipo nthambi zoyandikana zikafunse mtengo pamodzi m'malo mopita payokhapayokha. Tigule kwa kampani kapena kwa mkhalapakati amene ali ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi, tilandire lisiti, ndipo tisadumphitse kulipira, pakuti pangano losalipiridwa silithandiza pa tsiku la tsoka. Ngozi ikachitika, tithamangire naye wovulala kuchipatala, tikapepese monga mwa mwambo wathu, koma tisalonjeze malipiro tisanadziŵitse kampani, ndipo tiidziŵitse msanga.

Pa msonkhano wa mwezi wamaŵa, mlembi wa nthambi iliyonse abwere ndi chiŵerengero cha ana, maina a odzipereka ndi a antchito olipidwa, kuti tikakhale ndi poyambira pofunsa mitengo.