Ulemerero Umene Mayi wa Ana a Zebedayo Anauona

Mawu amene analankhula mlembi wa Mvano pa tsiku lokumbukira kuyambika kwa gulu lathu



Ife amene tayima pamaso panu sitinapite patali ndi sukulu. Ntchito yathu ndi kusunga buku la mayina ndi kulemba zokambirana. Koma komiti inatipempha kuti tinenepo mawu pa mutu wa chaka chino, wonena za ulemerero wa Mulungu. Mawu athu tawatenga pa Mateyu 20:20-28 ndi Mateyu 27:55-56. Mukafika kunyumba mukawerenge modekha pamodzi ndi ana.

Pempho la mayi mnzathu

Tsiku lina Yesu ali pa ulendo wa ku Yerusalemu, mayi wina anabwera ndi ana ake awiri, Yakobo ndi Yohane, namugwadira. Mwamuna wake anali Zebedayo, msodzi wa pa nyanja ya Galileya. Mayiyu anapempha kuti mu ufumu wa Yesu ana akewo apatsidwe mipando iwiri yoyandikana ndi Mfumu, wina kumanja, wina kumanzere.

Amayi, tisamuseke mnzathuyu. Ndani mwa ife safunira mwana wake zabwino? Timagulitsa nkhuku, timalawirira kukazinga zitumbuwa kuti tipeze fizi, ndipo mumtima timati mwanayu adzakhale munthu. Ana a mayiyu anali atasiya ngalawa ndi makoka a bambo wawo kutsata Yesu. Iye anaona kuti nkoyenera kuti apezepo kanthu.

Koma nthawi yomweyo Yesu anali atangowauza ophunzira ake kachitatu kuti ku Yerusalemu akanyozedwa, akakwapulidwa ndi kupachikidwa. Mawuwo sanalowe m'makutu. Yesu sanamukalipire mayiyo. Anangowauza kuti sakumvetsa chimene akupempha, nafunsa anyamatawo ngati angathe kumwa nawo chikho chake. Iwo anavomera msangamsanga. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Tsiku limene anaona yankho

Sipanapite masiku ambiri, Yesu anapachikidwa pa Gologota. Usiku wakugwidwa kwake ophunzira anali atabalalika. Koma Mateyu akutiuza kuti amayi ambiri amene anamutumikira kuchokera ku Galileya anayima chapatali nkumayang'ana. Pa amayi atatu amene akuwatchula, mmodzi ndi mayi yemwe uja wa ana a Zebedayo.

Tsono taganizani zimene maso ake anaona. Anaona Mfumu imene anaivekadi chisoti, koma cha minga. Pamwamba pa mutu wake panali chikwangwani chonena kuti ndi mfumu. Ndipo malo awiri aja anapempha, la kumanja ndi la kumanzere, sanali opanda anthu. Panali achifwamba awiri, aliyense pa mtanda wake. Kuyambira 12 koloko masana mpaka 3 koloko kunagwa mdima. Mayiyu sanathawe.

Chikho chija Yakobo anadzamwadi. Pa Machitidwe a Atumwi 12:2 timawerenga kuti mfumu Herode inamupha ndi lupanga.

Kodi ulemerero wa Mulungu nchiyani?

Ife tikamva za ulemerero timaganiza za mipando ya kutsogolo, galimoto yonyezimira ndi anthu okuwombera m'manja. Koma zambiri zotere ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mose atapempha kuona ulemerero wa Mulungu, pa Eksodo 33 ndi 34, Mulungu anamubisa m'phanga la thanthwe, napita pafupi naye akutchula dzina lake ndi kulengeza chifundo chake. Ulemerero wa Mulungu ndiwo kuonekera kwa mtima wake weniweni. Ndipo mtima wa Mulungu ndi chikondi.

Nanga chikondi timachidziwa bwanji? Pa tsiku la ukwati aliyense amamwetulira, sitingadziwe kanthu. Timachidziwa pamene mmodzi wagona pa mphasa miyezi, mnzake nkumamusambitsa ndi kumutembenuza. Chikondi chimaoneka bwino pamene chawawa. Nchifukwa chake mtima wa Mulungu unaoneka poyera pa mtanda kuposa pena paliponse. Ngakhale mkulu wa asilikali a Chiroma, munthu wosaphunzira Malembo, ataona mmene Yesu anafera anavomereza kuti analidi Mwana wa Mulungu.

Uthenga wa Yohane umanena zomwezi. Pa mutu 12, Agriki ena atapempha Filipo kuti aone Yesu, Ambuye anati nthawi ya kulemekezedwa kwake yakwana, ndipo anali kunena za imfa yake. Pa mutu 13 ananenanso za ulemerero wake Yudasi atangotuluka usiku kukamupereka. Ndipo atauka kwa akufa sanabise zipsera. Tomasi anamuzindikira ndi mabala a misomali ndi a m'nthiti. Kuuka sikunafafanize mtanda, kunatsimikiza kuti njira ya mtanda ndiyo inali yoona.

Phunziro la mbewu

Pa Yohane 12:24 Yesu anafanizira imfa yake ndi njere ya tirigu. Ife alimi a chimanga sitifuna womasulira. Tikakolola timasankha zisononkho zabwino koposa, tizipachika ku denga la khitchini kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Mvula ikagwa, nthawi imene ufa wayamba kuchepa m'dengu, timatenga chimanga chabwinocho nkukachikwirira m'dothi. Mwana wanjala angaganize kuti mayi wake wapenga. Koma mayi amene adya mbewu yake alibe chokolola.

M'dziko mwathu muno muli munda umene unadzalidwa chotero. Mu Okutobala 1875 amishoni ochokera ku Scotland, pamodzi ndi Dr. Robert Laws, anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala. Malowo anali a malungo. Mu 1877 anamwalira Dr. William Black, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Ngunana, mphunzitsi wachikuda amene anachokera ku Lovedale ku South Africa. Pofika 1881, pamene mishoni inasamukira ku Bandawe, anasiya manda asanu, koma wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Wowerenga ngati wa malonda akanati imeneyi ndi ntchito yoluza. Koma lero tangoonani mipingo ndi masukulu amene anatuluka mu ntchito imeneyo.

Amayi awiri a ku Carthage

Tilinso ndi amayi anzathu akale a mu Africa muno. M'chaka cha 203, mu mzinda wa Carthage, m'dziko limene lero tikuliti Tunisia, boma la Aroma linagwira Akhristu angapo amene anali akadali m'kalasi, ndipo anabatizidwa atagwidwa kale. Mmodzi anali Perpetua, mayi wa zaka ngati 22, wa m'banja lolemera, ali ndi mwana woyamwa. Wina anali Felicitas, kapolo, ali ndi pakati pa miyezi 8. Chimene anawalamula chinali chaching'ono pa maso a anthu, kungopereka nsembe chifukwa cha mfumu ya Aroma, basi amasulidwe. Bambo wake wa Perpetua anabwera kangapo kudzamudandaulira kuti amvere chisoni imvi zawo ndi khanda lija. Iye anamva kuwawa, koma sanathe kukana dzina la Mkhristu.

Felicitas anachira mwana wamkazi m'ndende momwemo masiku owerengeka asanaphedwe, ndipo mlongo wina wa mu mpingo anamutenga mwanayo nkumulera ngati wake. Amayi awiriwo anawaponya m'bwalo la masewera, ng'ombe yolusa inawagunda, kenaka anawapha ndi lupanga. Dona ndi kapolo anayima pamodzi ngati ana a mimba imodzi. Papita zaka zoposa 1,800, ndipo mpingo ukuwakumbukirabe pa 7 Malichi. Tisaiwale mlongo uja anatenga mwana. Nayenso anasenza mbali yake, ndipo ntchito yakeyo ndi imene ife a Mvano timaidziwa.

Zimene buku lathu likunena

Pokonzekera tsiku lino tinatsegula buku la mayina. Pali mayina ambiri amene pambali pake tinalemba kamtanda, amayi amene anatsogola. Pali mayi mmodzi amene sanakhalepo pa mpando uliwonse m'gulu lino. Apongozi ake, amene ankamunyoza chifukwa cha mapemphero, anafa ziwalo. Ana awo enieni anali kutali. Mayiyu anawadyetsa phala, nachapa zofunda zawo tsiku ndi tsiku mpaka manja anachita ming'alu. Asanamwalire, gogoyo anapempha yekha kuti amayi a Mvano abwere kudzapemphera naye. Sanamvepo ulaliki m'tchalitchi. Anauona m'manja a mpongozi wake.

Koma m'buku lomwelo muli mayina ena amene amatiliza. Ndi amayi amene analeka kubwera mavuto atawagwera. Wina mwana atamwalira, wina banja litatha, wina atadwala nthawi yayitali. Ena a iwo anamva mphekesera zakuti pali tchimo limene akubisa, kapena kuti chikhulupiriro chawo nchochepa. Amayi, ngati mawu otere anatuluka pakamwa pathu, tilape lero. Yesu analibe tchimo, koma anazunzika. Masautso si chizindikiro chakuti Mulungu wamutaya munthu.

Chenjezo

Tinenenso ichi momveka, kuti wina asatimve molakwa. Si kuvutika kulikonse kumene kuli mtanda. Yesu anapereka moyo wake mwa kufuna kwake, chifukwa cha chikondi. Mwamuna akamamenya mkazi wake, kapena achibale akamalanda mayi wamasiye nyumba ndi ziwiya maliro asanathe, pamenepo palibe ulemerero wa Mulungu. Limenelo ndi tchimo, ndipo ndi mlandu. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006, ndi lamulo loteteza chuma cha masiye mu 2011. Tisamuuze mnzathu kuti angopirira pamene moyo wake uli pa ngozi. Mtanda wathu pamenepo ndiwo kuyima naye, kumuperekeza kwa ankhoswe, kwa abusa, kwa amfumu ngakhale ku polisi, ngakhale ena atida nazo.

Pomaliza

Bulauzi yoyera imene tavala lero ndi yokongola, ndipo tayimba ndi chimwemwe. Koma yunifomu imeneyi imalemekezeka kwambiri ikadetsedwa ndi utsi wa pa maliro ndi fumbi la njira yopita kwa odwala. Choncho komiti yagwirizana kuti chaka chino mayi aliyense atenge dzina limodzi la mnzathu amene analeka kubwera. Mayinawo muwapeza kwa ife tikatuluka. Tisapite kukamufunsa chimene analakwa. Tinyamule kaufa ndi nkhuni, tikakhale naye pansi. Ngati tilibe mawu, tikangokhala, monga mayi wa ana a Zebedayo anakhala osachoka tsiku lija.

Tipitirize kupempherera ana athu zabwino. Koma tiwapempherere koposa kuti akhale pafupi ndi Yesu, podziwa tsopano kumene Iye amapezeka.

Ambuye adalitse Mvano wathu, mabanja athu ndi mpingo wonse.