Alendo ali m'njira: tisese chiyani, tisunge chiyani?

Awa ndi mawu omwe mtolankhani wathu adayankhula kwa anthu a ku Kaliyeka, mumzinda wa Lilongwe, kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike.



Sabata ino palibe nyumba ya ku Kaliyeka imene ikugona msanga. Uthenga wafika kuti achimwene a ku Joni anyamuka, azakhali a ku Dedza abwera ndi ana, ndiye aliyense wagwira tsache. Makatani achapidwa, mabulangete ayanikidwa pampanda, pansi akolopa n'kupaka Cobra mpaka mwana kuterereka. Makapu a m'kabati, omwe chaka chonse eni nyumba sawakhudza, atsukidwa. Katundu wosowa pomuika, monga nsapato zothaitha ndi wayilesi yakufa, wakankhiridwa kunsi kwa bedi. Sindikunyoza ayi. Kukonzekera mlendo ndi ulemu, ndipo makolo athu ankazira nyumba ndi kulambula njira Cobra asanabwere. Pempho langa n'lakuti mumvetsere mawu amene ndatchulawa.

Katani, bulangete, kapu, kabati, bedi, wayilesi: onsewa adachokera ku Chingerezi. Adabwera ngati alendo, n'kupempha malo, n'kukhazikika. Ena mwa iwo eni ake adawasiya kalekale. Mngerezi wa lero akafuna kumva nkhani amatsegula radio, koma ife tidasungabe wireless ya agogo ake. Sitima idachokera ku steamer, ngalawa yoyendera nthunzi, monga Ilala yoyamba ija imene amishoni adaiika pa nyanja yathu mu 1875. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908 tidangoti sitima ya pamtunda. Nthunzi idatha, dzina lilipobe. Kwacha idayamba mu 1971, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi, ndipo chaka chomwecho Angerezi nawo adasiya kuwerenga masheleni. Koma agogo athu pamsika adapitiriza kutchula sheleni ndi paundi kwa zaka zambiri.

Taonaninso kukolopa kumene mwakhala mukuchitaku. Mshona amati kukorobha, Mzulu amati ukukolobha, ndipo onse akuloza ku scrub ya Angerezi ndi skrop ya Mabunu. Mawu akufanana m'maiko atatu chifukwa ntchito idali imodzi: kugwada pansi m'nyumba ya mzungu. Amuna ambiri a ku Nyasaland adagwira ntchito imeneyi ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni. Ena adatchona komweko, ena adabwerako ndi sutikesi, jekete ndi mawu atsopano m'kamwa. Choncho mayi wa ku Kaliyeka akamauza mwana kuti akolope pabalaza, akutchula thukuta la agogo ake.

Tsono alipo anthu amene amachita manyazi ndi mawu otere, amafuna chiyankhulo chosesa bwino. Kusesa kwa mtundu umenewo tidakuona kale. Mu 1968 chipani cha Kongeresi chidagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha dziko. Chitumbuka chidachotsedwa pa wayilesi ya MBC, ndipo chidabwererapo mu 1994. Mu 1972 boma lidakhazikitsa bungwe la Chichewa Board loti liziuza Amalawi kalembedwe ndi kayankhulidwe koyenera. Chonsecho a Ngwazi Dr Kamuzu Banda pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumatanthauzira. Ziyankhulo za abale athu a kumpoto ndi kummwera sizidafe. Zidangokankhiridwa kunsi kwa bedi kuti mlendo akafika aone mtundu umodzi, liwu limodzi, chipani chimodzi.

Dziko lonse linkasesedwa chimodzimodzi. Akuluakulu pano mukukumbukira zimene zinkachitika mlendo wamkulu akamabwera, kaya Mfumukazi ya ku Mangalande mu 1979, kaya Papa John Paul Wachiwiri mu 1989, kaya a Ngwazi eni ake poyendera mbewu. Miyala ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu inkapakidwa laimu, ana a sukulu n'kundanda padzuwa. Koma pamene Papa ankafika, katswiri wa ziyankhulo Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, adali m'ndende ya Mikuyu. Adatsekeredwa mu 1987 ndipo adatuluka mu 1991 osazengedwa mlandu. Mikuyu kudali kunsi kwa bedi kwa dziko lino.

Inu amene mudabwerera kumudzi pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chikhululukiro chimene chidatsatira, mudadza ndi Chinyanja cha ku Lusaka ndi Chiswahili cha ku Dar es Salaam. Ana anu obadwira kunja adadza ndi kayankhulidwe kawo. Musawabise mawu amenewo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chichewa chidalandira kalata ndi nsapato kwa Apwitikizi, bwana kwa Aswahili, tebulo ndi supuni kwa Angerezi, ndipo sichidachepe.

Komabe kusesa ndi kusankha chosunga ndi chotaya, ndipo alipo mawu amodzi amene ndikupempha kuti tiwaponye kudzala. Mawuwo ndi boyi. Atsamunda ankaitana choncho bambo wa imvi, wa ana ndi zidzukulu. Ufulu tidaulandira mu 1964, likulu lidasamukira ku Lilongwe kuno mu 1975, koma kanyumba ka kuseri m'mayadi a ku Area 10 ndi Area 43 tikukatchabe boyizikota. M'mamawa uliwonse abale athu a ku Kaliyeka, ku Kawale ndi ku Chinsapo amapita kukasesa nyumba za ena. Sabata ino agwira ntchito kawiri, kwa abwana masana, kwawo usiku. Ali ndi maina, ndi abambo ndi amayi. Demokalase imene sidafike pa kaitanidwe ka munthu wantchito idakali panjira.

Pomaliza, litsiro loopsa si lija limene mlendo amaliona pabalaza. Kolera imene idabuka mu March 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe idali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri. Mu January 2023 sukulu za mumzinda uno ndi za ku Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Khirisimasi imagwa nthawi ya mvula, pamene ngalande zimasefukira ndipo madzi amakokolola za kudzala ndi za kuchimbudzi. Mukatha kupaka Cobra, vindikirani chimbudzi, tsukani ndowa yotungira madzi ku kiyosiki, ikani sopo posambira m'manja, ndipo inu ndi anansi anu mugwirizane kufukula ngalande ya kuseri. Mukakumana ndi a khansala, afunseni za zinyalala ndi madzi. Mudawavotera, ndipo masiku ano kufunsa si mlandu.

Mlendo ndi mame, amayi ndi abambo. Chaka chatsopano chikangolowa mabasi a ku Joni adzadzaza, azakhali adzabwerera ku Dedza. Otsala m'nyumbamo ndife, ndi ana athu, ndi chiyankhulo chathu chonse, chakale ndi chobwereka chomwe. Tisesere iwo.