Tiyeni Tilowe M'nyumba Zimene Timangozilambalala

  Ndayeza mawu anga kuti asatalike, pakuti ndikudziwa kuti ena mwachokera kutali ndipo nsima ikudikira.

Ndiyambe ndi kuulula manyazi anga. Tsiku lina madzulo mwana wanga wamkazi, amene ali Folomu 2, adandifunsa kuti, "Ababa, kodi dzina loti Mandala lidachokera kuti?" Ine ndidangoti kukamwa yasa. Ndagwira ntchito ya boma mu Blantyre zaka zambiri, ndipo m'mawa uliwonse ndimadutsa pafupi ndi malowo. Digiri ndili nayo, koma yankho ndidalibe. Tsono Loweruka lotsatira ndidamutenga mwanayo, tidayenda wapansi ndi pa minibasi, ndi kuona malo atatu. Zimene tidaona ndizo ndafuna kugawana nanu.

Poyamba tidapita ku Mandala House. Nyumba imeneyi idamangidwa m'chaka cha 1882, ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale kwambiri mwa nyumba za chizungu zimene zidakalipo m'dziko muno. Idali ya kampani ya African Lakes, imene idayambika ku Glasgow m'chaka cha 1878, ndipo oyendetsa ake kuno adali anthu awiri apachibale, John Moir ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, ndiye anthu pomuona magalasiwo akunyezimira adamutcha Mandala. Dzinalo lidagwira munthu, kenaka nyumba, kenaka sitolo zonse za kampaniyo, mpaka dera lonse. Mwaona tsono, dzina limene ndinkalitchula tsiku ndi tsiku adapereka ndi makolo athu omwe.

Nyumbayo ndi yosanja, ya khonde lalikulu. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene lidayamba m'chaka cha 1946, ndipo muli mabuku, zithunzi ndi mapepala akale. Titaima pakhondepo ndidamufotokozera mwana za amtengatenga. Katundu ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera m'Zambezi ndi m'Shire, koma chifukwa cha mathithi sitimazo sizinkatha kupitirira. Choncho katunduyo ankasenzedwa pamutu kukwera phiri kudzafika ku Blantyre, ndi kutsikanso mpaka ku Matope. Ena mwa ife agogo a agogo athu adayenda njira imeneyo. Ndiponso ndi ku Mandala komweko kumene, m'mwezi wa January 1915, anthu a John Chilembwe adabwera usiku kudzalanda mfuti m'sitolo ya kampaniyo. Adadzidzimutsidwa asanamalize, ndipo adangotenga zochepa. Nkhope ya Chilembwe timayiona pa ndalama, ndipo pa 15 January timapuma pokumbukira iye, koma ndi angati mwa ife adaimapo pamalo pamene zimenezi zidachitikira?

Kuchoka apo tidalowera ku Mishoni, ku tchalitchi cha St Michael and All Angels. Mishoni ya Blantyre idayamba m'chaka cha 1876. Malo adasankha ndi Henry Henderson, amene adayenda ndi Tom Bokwito monga womasulira, ndipo dera limenelo lidali la mfumu Kapeni. Dzina loti Blantyre adalitenga ku mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone adabadwira. Tchalitchicho adayamba kumanga m'chaka cha 1888 ndi kutsiriza mu 1891. Woyang'anira ntchitoyo adali mbusa David Clement Scott, munthu amene sadaphunzirepo za zomangamanga, ndipo omanga adali anthu a konkuno amene adali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa adaumba ndi kuotcha pomwepo, za maonekedwe osiyanasiyana. Mukapita, musangoyang'ana nsanja zake. Yandikirani khoma, muone m'mene njerwa iliyonse idakhalira pa inzake.

Scott yemweyo ndiye adalemba buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja, limene lidatuluka m'chaka cha 1892. Dzina lake tidaliloweza m'kalasi pokonzekera mayeso. Koma mwana wanga adandifunsa funso lina: "Nanga amene ankaponda dothi ndi kuumba njerwazi adali ayani?" Anzanga, funso limenelo lidandilasa. Anthu amenewo adali ndi mayina, adali ndi midzi, ndipo zidzukulu zawo zilipo ku Ndirande, ku Chilomoni ndi kwa Kapeni. Ngati mbiri yawo idasungika, yambiri idasungika m'kamwa mwa nkhalamba.

Pomaliza tidafika ku Chichiri, ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene idatsegulidwa m'chaka cha 1966. Panja pali mutu wa sitima yapamtunda yoyendera nthunzi ndi makina ena akale. M'kati muli zida za makolo athu, za ulimi, za usodzi ndi za magule, komanso zokumbutsa malonda a akapolo. Ambiri a ife tidapitako kamodzi tili ana, tili pamzere, mphunzitsi akutikalipira kuti tifulumire. Ndikukupemphani mubwerereko tsopano muli ndi imvi. Mudzaona zimene simudazione nthawi ija, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina wina afunsa kuti, kodi nyumba za atsamunda zikutikhudza bwanji ife? Funsoli ndi loyenera. Ine yankho langa ndi lakuti nyumbazo adalamula ndi azungu, koma manja amene adamanga ndi athu, ndipo misana imene idasenza katundu ndi yathu. Zabwino ndi zowawa zomwe zidachitikira m'menemo. Tikazitaya kuti ndi za eni ake, tataya umboni wa thukuta la makolo athu. Ndipo nyumba imene anthu saipitako siichedwa kugwa, chifukwa palibe amene amadandaula denga likayamba kudontha.

Tsono ndili ndi zopempha zitatu kwa bungwe lathu.

Choyamba, chaka chilichonse tilipire ulendo umodzi wa ana a Folomu 3 a pasukulu yathu kuti akaone malo atatuwa. Onse ali mu mzinda umodzi, ndipo tsiku limodzi likwanira. Chofunika ndi basi, chakudya chamasana, ndi ena mwa ife odzipereka kuperekeza anawo.

Chachiwiri, aliyense wa ife amene akadali ndi gogo kapena kholo lokalamba, akhale naye pansi tchuthi chikubwerachi. Mufunseni kumene adachokera, ntchito imene bambo ake ankagwira, ndi m'mene adafikira m'tauni. Lembani m'kope, kapena jambulani mawu ake pa foni. Ine ndidazengereza, ndipo agogo anga adapita ndi zonse zimene ankadziwa. Madzi akatayika saoleka.

Chachitatu, tisaiwale kuti sukulu yathu nayo ndi malo a mbiri. Mabuku olembamo mayina a ophunzira, zithunzi za matimu a mpira, magazini akale, ngakhale belu lija linkatidzutsa mbandakucha, zonsezi ndi chuma. Ndikupempha a Mlembi kuti akambirane ndi a Hedimasitala atipatse kachipinda kamodzi, ndipo ife tigule kabati yokhoma. Amene muli ndi zithunzi m'masutikesi kunyumba, bwerani nazo pa msonkhano wamawa, mutalemba kuseri chaka ndi mayina a anthu amene ali pamenepo.

Pobwerera tsiku lija, mwana wanga adati akawafotokozera anzake za John Moir ndi magalasi ake. Ine ndidalonjeza kuti ulendo wina tidzapita ku Mbombwe, kumene Chilembwe adamanga mishoni yake. Amene mukufuna kudzatsagana nafe, mundione tikatha kudya.