Mau a pa Msonkhano: Za Msasa wa Ana Amasiye ku Amereka

Mafumu athu ndi abale a m'Bungwe, tadza ndi nkhani ya ku Virginia, m'dziko la Amereka. Kumeneko mai Lynne Hughes, amene anafedwa makolo onse awiri akali mwana, anayambitsa Comfort Zone Camp m'caka ca 1998. Ana ofedwa kholo kapena mbale akhala kumsasako masiku atatu osalipira kanthu, pakuti anthu acifundo alipiriratu malo ao. Mwana ali yense ampatsa wamkuru mmodzi womsunga, naceza ndi anzace odziwa cisoni comweco.

Tsono tilingalire za kwathu kuno. Wamasiye timpatsa nsima ndi nsaru, koma za mumtima mwace sitimfunsa. Tipempha kuti pa msonkhano ulinkudza mfumu iri yonse itiuze amene aceza ndi ana otere m'mudzi mwace.